Manja Anagwira Zambiri, Pepala Likunena Zochepa

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata ndi ogwira ntchito a kwa Kapichi, m'boma la Thyolo

 

Mwandipempha kuti ndilankhule za CV, pepala lija timaphatika ku kalata yofunsira ntchito. CV ili ndi zigawo zingapo: dzina ndi keyala, maphunziro, ntchito zimene munagwirapo, ndiponso anthu okuchitirani umboni. Ine lero ndikhazikika pa chigawo cha ntchito zimene munagwirapo, chifukwa mpamene anthu a kwathu kuno timadzibera tokha. Pa ma CV ochokera m'dera lino amene ndakhala ndikuwerenga ndikaitanidwa pagulu losankha anthu olembedwa ntchito, matenda ake ndi awiri. Ena amalemba kuti sanagwirepo ntchito, chonsecho munthuyo chimalizire Folomu 4 sanakhalepo manja lende ngakhale sabata imodzi. Ena amatsanulira zonse, kuyambira pamene ankaliza belu ku pulayimale mpaka pamene anathandiza amalume awo kufolera khitchini, mapeji anayi thoo, ndipo chinthu chimodzi chimene bwana ankafuna chimakwiririka pakati. Onsewa amabwerako chimanjamanja, kenako n'kumati masiku ano ntchito n'za odziwana. Kukondera kulipo, sindikana, ndipo kumapweteka. Koma kumene kulibe kukondera nakonso tikulephera, ndipo kumeneko n'kumene tingachitepo kanthu.

Chizolowezi chodzichepetsachi sichinayambe ndi inu. Tiyi anayesedwa koyamba ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo mu 1891 Henry Brown anamubzala ku Mulanje. Kuno ku Thyolo anafika pambuyo pake. Maclean Kay anayamba Satemwa mu 1923, banja la Conforzi linali kale m'dera lino, ndipo mapiri onse tikuwaonawa anasanduka obiriwira ndi manja a agogo athu, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique. Pa nthawi ya thangata, munthu ankagwira ntchito kuti alipire malo amene wamangapo nyumba. Umboni wa ntchito yake unali tikiti, kapepala kamene kapitawo ankachonga tsiku ndi tsiku mpaka masiku a mwezi akwane, ndipo ukapanda kumaliza mgwazo tsikulo silinkachongedwa. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma taonani chimene tikiti ija inkawerenga. Inkawerenga masiku. Sinkafunsa kuti munthuyu akudziwa chiyani. Gogo amene ankatha kuzindikira ndi fungo lokha kuti masamba mu fakitale afota mokwanira, papepala anali chimodzimodzi ndi mnyamata amene wabwera dzulo. Ifenso tinakula tikuwerenga ntchito m'masiku ndi m'makilo, mwakuti wina akatifunsa zimene timadziwa, timayankha kuti, "Aaa, ine ndinkangogwira kuesiteti."

Lero ntchito ya tiyi imalemba anthu oposa 50,000 nyengo yothyola ikafika pachimake, ndipo kupatula boma palibe wina m'Malawi muno amene amalemba anthu ochuluka chotere. Mu 2016 bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU linasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi bungwe la eni tiyi la Tea Association of Malawi, chinthu chimene agogo athu sankachilota. Komabe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma lino, malo olima ndi ochepa monga mukudziwira, ndipo nthochi zimene zinkaphunzitsa ana kuno zinatha ndi matenda a chisaka. Ambiri mwa inu mudzafunsira ntchito ku Luchenza, ku Limbe, ku Lilongwe, ena ku Joni, kwa anthu amene sanapondepo m'munda wa tiyi. Munthu woteroyo sadziwa kuti kalaliki wa pa sikelo amachita chiyani. Mukapanda kumuuza inu, palibe amene angamuuze.

Ndiye poyambira si pa inu ayi. Poyambira ndi pa chilengezo cha ntchitoyo. Muchiwerenge kawiri katatu, cholembera chili m'manja, ndipo mudule mzere kunsi kwa chilichonse chimene akufuna kuti munthuyo azichita. Chilengezocho ndi funso limene bwana wafunsa. Chigawo cha ntchito pa CV yanu ndi yankho lake.

Tiyerekeze kuti golosale yaikulu yogulitsa mopikulitsa ku Limbe ikufuna kalaliki wa kosungira katundu. Alemba kuti akufuna munthu wodziwa kulandira ndi kutulutsa katundu, kusunga mabuku, kuwerengetsa zotsala, komanso wokhulupirika. Pakati panu pano pali mnyamata amene wakhala pa sikelo nyengo zitatu. Pa CV yake walemba mawu awiri okha a Chingerezi, "general worker", ndi dzina la esiteti. Bwana wa ku Limbe akaona mawu amenewo amaganiza za munthu wosesa pabwalo, ndipo pepalalo amaliika kumanzere.

Tsopano tiyeni timuone mnyamatayu ali pantchito. Dzuwa lakwera, othyola akutuluka m'mizere madengu ali kumsana, afola pamthunzi pamene pakolekedwa sikelo. Iye amapisa dzanja m'dengu kuona ngati masamba ali abwino, amayeza, amatchula makilo mokweza kuti mwini wake amve, n'kulemba pa nambala ya munthuyo. Akaphonya mzere umodzi n'kulemba makilo a mayi wina pa nambala ya mnzake, tsiku la malipiro pakhala mlandu, ndipo mlanduwo ndi wake. Mvula ikugwa, pepala lisanyowe. Madzulo amaphatikiza zonse, ndipo nambala yake iyenera kugwirizana ndi imene ku fakitale apeza thirakitala ikafika. M'maesiteti ena masiku ano sikelo zake n'zamagetsi, ndiye kuti mnyamatayu wagwiritsapo ntchito makina olowetsa manambala. Kodi si izi zimene a ku Limbe aja akufuna? Kulandira katundu, kuyeza, kulemba, kuwerengetsa, ndi kusadya za eni. Akanalemba kuti: kalaliki wa pa sikelo, esiteti yakuti, Disembala 2021 mpaka Meyi 2022 ndi nyengo ziwiri zotsatira, ndinkayeza ndi kulemba masamba a othyola 60 katatu patsiku, ndinkaphatikiza makilo a tsikulo ndi kuwafananiza ndi a ku fakitale, ndinkapereka lipoti kwa kapitawo wamkulu madzulo aliwonse. Mizere itatu basi, ndipo palibe bodza ngakhale limodzi. Manambalawo ndangoyerekeza, inu muikepo anu enieni. Koma muikepo ndithu, chifukwa mawu akuti "anthu ambiri" samuuza kanthu munthu, pamene "anthu 60" amamuonetsa kukula kwa udindo umene munasenza.

Ndisanachoke pa mnyamatayu, onani kuti mneni aliyense pa mizere ija ndi wa ntchito yooneka ndi maso: kuyeza, kulemba, kuphatikiza, kupereka. Palibe pamene wadzitama kuti ndi wolimbikira kapena wokhulupirika. Wowerengayo aona yekha kuti munthu amene esiteti yamulemba nyengo zitatu zotsatizana pa ntchito yokhudza malipiro a anthu, sangakhale wakuba kapena waulesi.

Nanga zina zonse zimene mnyamatayu anachitapo? Anaumbapo njerwa, anayendetsapo kabaza, anaimbapo kwaya. Apa mpamene pamafunika mtima wa wothyola tiyi. Amayi muli panowa mukudziwa kuti fakitale imafuna masamba awiri ndi kansonga. Amene amakolopola ndi masamba okhwima omwe kuti dengu lilemere msanga, pa sikelo amauzidwa kuti akhale pansi asankhe, anzake akupita. CV nayonso imabwezedwa chifukwa cha masamba okhwima. Pa ntchito ya ku Limbe ija, njerwa ndi kwaya zitsale. Koma mnyamata yemweyu akamafunsira ntchito yoyenda m'midzi kufunsa anthu mafunso pa kafukufuku wa bungwe lina, kabaza uja abwerere, chifukwa akusonyeza kuti amadziwa njira zonse za kwa Kapichi, za ku Khonjeni mpaka kumalire ndi Mulanje, ndipo mtunda samauopa. Ngati anagwirapo ganyu ya kalembera wa 2018 kapena ya chisankho, imeneyo ikwere pamwamba penipeni. N'chifukwa chake ndimadabwa ndi anthu amene anataipitsa CV imodzi zaka zitatu zapitazo, n'kuchita fotokope mapepala makumi awiri, ndipo amangosolola limodzi ntchito iliyonse ikatuluka. Ndikudziwa kuti kutaipitsa n'kodula. Komabe ndi bwino kutumiza makalata atatu olunjika kusiyana ndi makumi awiri ongomwaza.

Wina anena kuti, "Bambo, mwasankha kalaliki chifukwa ntchito yake ndi ya cholembera. Nanga ife othyola tilembe chiyani?" Funso labwino, ndipo sindikunamizani kuti kuthyola tiyi kukulowetsani ku banki. Koma taganizani bwino zimene zimachitika m'chaka chonse. Mvula ikatha ndipo masamba achepa, ena mumapita kodulira tiyi m'miyezi yozizira, ena kothira feteleza, ena kopopera mankhwala mutaphunzitsidwa kavalidwe ndi kasakanizidwe kake. Ena mwakhala ku nazale, kudula timitengo ta tiyi wa mitundu imene amapanga a Tea Research Foundation ku Mimosa, kuika m'machubu, kusamalira mthunzi ndi madzi mpaka mbande zitagwira. Luso limenelo minda ya makademiya ikulifuna, a zankhalango akulifuna, mabungwe obzala mitengo ndi obwezeretsa nthochi akulifuna. Maesiteti amene ali ndi ziphaso za Fairtrade kapena Rainforest Alliance amayenderedwa ndi oyendera ochokera kunja, ndipo ogwira ntchito amaphunzitsidwa za chitetezo, za chithandizo choyamba munthu akavulala, za kuteteza mitsinje. Ngati munakhalapo pa maphunziro oterowo, ngakhale a masiku awiri, lembani dzina lake ndi chaka. Ngati anzanu anakusankhani mu komiti yoyang'anira ndalama za Fairtrade, monga zimachitikira ku Satemwa, kapena mu komiti ya amayi, kapena kukhala woimira PAWU pa divishoni yanu, ndiye kuti mwakhalapo pa misonkhano, mwalembapo maminitsi, mwamvapo madandaulo a anthu n'kuwafikitsa kwa mabwana popanda ndewu. Amayi ambiri zimenezi amazisiya, amati si ntchito. Ndi ntchito, amayi, ndipo pa ntchito yoyang'anira anthu imalemera kuposa makilo onse amene munathyola.

Inu a mu fakitale, musangolemba kuti munali mu fakitale. Nenani chigawo. Kofotetsa masamba, pa makina odula, koumitsa, kosefa ndi kusiyanitsa magiredi, kolongedza, kapena pa boyila. Tchulani makina ndi dzina lake, kaya ndi LTP kaya ndi CTC. Tiyi ndi chakudya, choncho malamulo a ukhondo amene munkatsata, kuvala chipewa, kusamba m'manja, kuvula ndolo ndi mphete, kulemba kutentha kwa makina pa ola lililonse, ndi omwewo amene amatsata ku fakitale ya buledi, ya mkaka kapena ya zakumwa ku Blantyre. Wogwira usiku anene kuti anagwira mashifiti a usiku, poti si aliyense amawatha. Amene munali wothandiza makaniko kapena wa zamagetsi, lembani zimene munkakonza ndi manja anu, osati zimene munkaonerera.

Palinso ntchito zimene sitinalandirepo malipiro. Boma lino lili ndi mbiri pa nkhani imeneyi. Bungwe la MSF linayamba kugwira ntchito ya Edzi kuno ku Thyolo mu 1997, mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mu 2003, ndipo chimene chinachititsa kuti mankhwalawo afike kumidzi ndi anthu wamba odzipereka, oyendera odwala m'makomo, opereka uphungu, olondola amene asiya kumwa mankhwala. Namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023, achinyamata ambiri anali m'misasa kulemba mayina a anthu ndi kugawa ufa. Mlembi wa banki mkhonde amasunga buku la masheya ndi ngongole, amawerengetsa chiwongoladzanja, ndipo pogawana kumapeto kwa chaka aliyense amafuna ndalama yake isapelewere ngakhale K50. Mlezi wa kusukulu ya mkombaphala, msungichuma wa mpingo, mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kalaliki wa pa bulking group amene amayeza mkaka wa alimi m'mawa uliwonse kuona ngati sunathiridwe madzi, onsewa ali n'cholemba. Chofunika n'chakuti munene poyera kuti inali ntchito yodzipereka, mutchule gulu lake ndi nthawi yake, ndipo muiike pokhapokha ngati ikukhudzana ndi ntchito mukufunsirayo. Msungichuma wa mpingo akamafunsira ukashiya aikepo. Akamafunsira udalaivala asiye.

Bizinezi yanuyanu nayonso ndi ntchito. Mtsikana amene wakhala m'kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba zaka ziwiri amadziwa kusamala fuloti, kuzindikira ndalama yachinyengo, kukana mwaulemu kasitomala wofuna kumuzunguza mutu, ndi kutseka buku madzulo. Alembe zimenezo, osangoti "ndinkachita geni".

Inu amene mwachokera ku makoleji, kaya ku MUST uko ku Ndata, kaya ku Malamulo, kaya ku Milonga, vuto lanu ndi lina. Chilengezo chimati akufuna zaka ziwiri pantchito, inu mulibe. Koma munapitapo ku atachimenti, ena mwadutsa m'ndondomeko ya boma ya maintani imene inayamba mu 2018. Musalembe dzina la malo lokha. Lembani wodi imene munali, makina amene munagwiritsa ntchito, lipoti limene munalemba. Ndipo musachite manyazi kuikapo kuti patchuthi munkathyola tiyi kuti mupeze fizi, ngati malo alipo. Ine pagulu losankha, mzere woterowo umandiuza zambiri kuposa mndandanda wa masemina.

Za kasanjidwe ndinena mwachidule. Yambani ndi ntchito yaposachedwa n'kumabwerera m'mbuyo. Pa iliyonse lembani udindo, dzina la kumene munkagwira, malo, mwezi ndi chaka choyambira ndi chomalizira, kenako mizere iwiri kapena itatu ya zimene munkachita. CV yonse isapitirire mapeji awiri. Mtundu wanu, chipani chanu, malipiro anu akale ndi chifukwa chimene munakanganirana ndi kapitawo, zonsezo si zapa CV.

Koma pali chinthu chimodzi cha kwathu kuno chimene mabuku ophunzitsa kulemba CV sachidziwa, ndicho ntchito ya nyengo. Tiyi amaphuka kwambiri kuyambira Disembala mpaka cha m'ma Epulo kapena Meyi, ndipo ambiri mumalembedwa miyezi imeneyo n'kuimitsidwa. Mukalemba nyengo iliyonse payokha, munthu wa m'tauni amaona ngati ndinu wosakhazikika, wongolowa n'kutuluka. Mukalemba kuti 2019 mpaka 2024 osafotokoza, mwanama, chifukwa simunagwire miyezi yonse. Njira yake ndi kulemba kamodzi, n'kunena kuti inali ntchito ya nyengo, miyezi yakuti chaka chilichonse, ndipo munaitanidwanso nyengo zingati. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 nalonso limazindikira zimenezi: munthu wolembedwa nyengo zotsatizana ndi bwana mmodzi, nthawi yonse imene wagwiradi ntchitoyo imaphatikizidwa pamodzi. Ngati lamulo likuphatikiza, inu mukugawiranji? Miyezi yapakatiyo, ngati munkalima kapena kuchita geni, nenani mu mzere umodzi. Chimodzimodzi amene munasiya kuti mudwazike kholo kapena kulera mwana, kapena munapita ku Joni. Mpata wa zaka ziwiri wopanda mawu umachititsa wowerenga kuganiza zoipa, mwina ndende, mwina kuchotsedwa ntchito chifukwa chakuba, pamene chifukwa chenicheni n'chopanda manyazi.

Tsopano umboni, ndipo apa ndikupempha kuti akuluakulu mumvetsere limodzi ndi ana anuwa. Gawo 31 la lamulo lomwe lija limati ntchito ikatha, wogwira ntchito akapempha, bwana ayenera kumupatsa satifiketi yosonyeza dzina ndi keyala ya kampani, mtundu wa bizinezi yake, nthawi imene munthuyo wagwira, udindo umene anali nawo, ndi malipiro ake pochoka. Chifukwa chochokera pantchito chimalembedwa pokhapokha mwini wakeyo atafuna. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti "akapempha". Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ambiri timalandira ndalama yomaliza, n'kuthokoza, n'kumapita, ndipo patatha zaka zisanu tikafuna kalata timapeza kuti bwana amene ankatidziwa anasamutsidwa, kapena esitetiyo inagulitsidwa kwa ena.

Amene akukayika kufunika kwa kapepala afunse madala amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku WENELA ndi TEBA. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni woti makampani a migodi ya golide apepese anthu amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo, kuphatikizapo kwa ochokera m'mayiko oyandikana ngati lathu lino. Koma kuti munthu aganiziridwe, pafunika umboni woti anagwira mu mgodi wakuti kuyambira chaka chakuti. Amene anasunga timapepala tawo m'sutikesi zaka makumi anayi ali ndi poyambira. Amene anatipereka kwa ana kuti akutire makope, kapena chiswe chinadya, ali pa ntchito ina yofufuza. Choncho mapepala a malipiro, kalata yolembedwa ntchito, sitetimenti ya penshoni, khadi la pantchito, satifiketi ya maphunziro a masiku awiri aja, ikani m'pepala la pulasitiki, ndipo muwajambulenso pa foni n'kutumizira m'bale amene mumamukhulupirira. Freddy anatiphunzitsa kuti nyumba ikhoza kupita ndi zonse usiku umodzi.

Kwa inu amisiri amene munaphunzira ntchito poyang'ana, omanga, owotcherera, okonza mathirakitala, akalipentala, dziwani kuti TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi njira yoyesa luso limene munthu analipeza kale pantchito n'kumupatsa pepala popanda kubwerera m'kalasi zaka zitatu. Pitani mukafunse. Zaka khumi mu galaja ya esiteti zikaphatikizidwa ndi pepala limenelo, CV yanu imasintha kulemera.

Ndanena zambiri zokulimbikitsani kuti mudzitchule bwino, ndiye ndichenjeze za mbali inayo. Kufotokoza bwino n'kosiyana ndi kukokomeza. Amene anali wothandiza kapitawo asalembe kuti anali manejala. Amene anagwirizirapo udindo milungu itatu bwana ali patchuthi, alembe kuti anagwirizira milungu itatu, ndipo n'chinthu chabwino kale pachokha. Dziko la tiyi ndi laling'ono. A maofesi olemba anthu ntchito a ku Makwasa, ku Naming'omba, ku Makandi ndi ku Mulanje amadziwana, ena anaphunzira limodzi, ndipo foni imodzi ndi yokwanira. Bodza likagwidwa pa intavyu mwataya ntchitoyo. Likagwidwa mutalembedwa kale, akhoza kukuchotsani, ndipo dzina lanu layipa m'boma lonse.

Bodza lina silichokera kwa inu, limachokera kotaipitsa. Mumapita pa kashopu ka kompyuta pa boma kapena pa Luchenza, mnyamata wa pamenepo amatsegula CV ya munthu wina, amafufuta dzina n'kuikapo lanu. N'chifukwa chake ma CV khumi amafika onse akunena mawu amodzimodzi, kuti mwini wake ndi "hardworking" ndiponso "team player", onse amakonda kuwerenga manovelo ndi kuonera mpira. Ndinalandirapo CV ya mayi wina yonena kuti iye ndi mwamuna ndipo ali ndi laisensi yoyendetsera lole. Mayiyo sanadziwe n'komwe kuti pepala lake likunena zimenezo. Wotaipayo sindikumuda, akufuna ya sopo, ndipo sakukudziwani. Inu khalani pansi kunyumba, mulembe m'Chichewa pa pepala la kope zonse zimene munkachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo pa ntchito iliyonse. Musankhe zogwirizana ndi chilengezo. Kenako mupeze mphunzitsi kapena m'bale wodziwa Chingerezi akuthandizeni kumasulira, ndipo mawu aliwonse amene simukuwamva muwakane, ngakhale amveke okoma bwanji. Pa intavyu adzaloza mzere n'kunena kuti, "Tafotokozani apa." Mawu obwereka amathawa pa nthawi imeneyo. Wotaipa mumupatse zomaliza kale, ndipo muwerenge musanalipire.

Okuchitirani umboni akhale anthu amene anakuonani mukugwira ntchito zimene mwalembazo. Ena amathamangira kuika dzina la phungu kapena la bwana wamkulu amene sangawazindikire n'komwe atakumana pamsewu. Kapitawo amene munali naye nyengo zitatu, amene anganene kuti mnyamatayu buku lake silinkasemphana ndi la ku fakitale, ndi wa phindu kuposa onsewo. Mafumu athu ndi abusa amachitira umboni za khalidwe, ndipo umboni wawo ndi wolemekezeka, koma pakhale mmodzi wa kuntchito. Mumupemphe kaye musanalembe dzina lake, mumuuze ntchito imene mukufunsira kuti foni ikalira asadabwe, ndipo muyese nambala yakeyo ngati ikugwirabe. Yanunso ikhale yoyaka. Ngati kwanu netiweki imavuta kapena mumatchajitsa pamsika, ikanipo nambala yachiwiri ya munthu wa pafupi amene angakuthamangireni ndi uthenga, chifukwa oitana ku intavyu akaimba kawiri osakupezani amapita pa dzina lotsatira.

Aphunzitsi ena avomera kutsala tikatha pano kuti akhale ndi aliyense amene wabwera ndi CV yake kapena chilengezo cha ntchito. Amene simunabwere ndi kanthu, mapepala ndi zolembera zili pa tebulo apo. Tiyamba ndi amene munaimitsidwa nyengo yathayi ndipo simunakatenge kalata yanu ku ofesi, kuti tilembe limodzi kalata yoipempha.